Mizere Itatu ya Mabuloko

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, amayi anayamba kumanga nyumba yathu ya zipinda ziwiri ku Kanyama. Mmisiri anali ba Sakala, bambo wamtali wa manja ong'aluka ndi simenti. Pangano lawo ndinalemba ndine m'Chingelezi, pa pepala lothothola m'kope langa la kusukulu: kumanga nyumba mpaka kutha, mtengo wakutiwakuti. Onse awiri anasaina.

Pokumba maziko anapeza thanthwe, madzi akutumphuka m'mbali mwake. Ba Sakala anaitana amayi. Ine ndinali pomwepo, chigubu cha madzi chili pamutu.

"Amai, apa ni pa manzi. Tikweze na mizere itatu ya mabuloko, apo ayi mvula izangena mu nyumba. Koma iyi nchito siili pa pepala."

"Chitani chabe, ba Sakala. Sinizakuibalani."

Masabata awiri bambo uja anaswa mwala ndi hamala, nakankha wilibala ya dothi mpaka malaya kuyera ndi mchere wa thukuta. Nyumba itatha anapempha ndalama yoonjezera. Amayi anakana.

Nkhani inapita kwa tcheyamani wa dera lathu, pakhonde la golosale yake. Anandiuza kuti ndiwerenge pepala ndi kumasulira. Ndinawerenga mokweza, monyadira Chingelezi changa. Tcheyamani anati maziko ndi nyumba yomwe, ndipo mawu akuti "mpaka kutha" anaphimba zonse, pokhapokha patakhala mboni ya lonjezo lina.

Ba Sakala anatembenukira kwa ine.

"Mwana wanga, unalipo. Amai bako banakamba chani?"

Amayi sanandiyang'ane, anangomanga chitenje chawo mwamphamvu. Ndinkadziwa kuti ndalama yotsala m'nyumba inali ya yunifolomu yanga.

"Sininamvele," ndinatero.

Ba Sakala sanakalipe. Anandiyang'ana kanthawi, napukuta kumaso ndi chipewa, n'kumapita. Pobwerera amayi anandigulira chitumbuwa chotentha, ndipo ndinadya chonse.

Tsopano ndimamvetsa kuti ntchito ikakula kuposa zimene munalemba, muyenera kulembanso musananyamule fosholo, chifukwa lonjezo la pakamwa limadalira mboni, ndipo mboni nayo ili ndi njala yake. Koma nzeru imeneyi sinabweze thukuta la munthu. Ba Sakala sindinawapepese, ndipo amayi anamwalira akuuzabe anthu kuti ndinali mwana wanzeru.