Timaluwa Tomwe Azamba Anamasula

Kulemba ndinakuphunzira imvi zitayamba kale, nditakhala pansi pamodzi ndi ana amene ndikanatha kuwabala, ndipo mpaka lero dzanja langa limatopa msanga. Ndilemba za mkazi wanga ndi timaluwa take ta ulusi, chifukwa pa nkhani imeneyi mudzi wonse unamva bodza, ndipo bodzalo linatuluka pakamwa panga.

Kwathu ndi kumapiri a ku Malomo, koma ndinakwatira kufupi ndi Dzoole ndipo ndinapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Nyumba ndinamanga ndine, munda ndinalima ndine, koma monga mkamwini aliyense mawu anga pamudzipo anali opepuka. Nthawiyo nkhondo ya azungu inali isanayambe. Paphiri lina, ulendo wa m'mawa umodzi, panali mishoni, ndipo dona wa kumeneko ankasonkhanitsa amayi Lachitatu lililonse kuwaphunzitsa kusoka ndi kuluka. Mkazi wanga ankapitako.

Donayo anali ndi tizitsulo tolukira tiwiri tokha, tokhota kumapeto ngati mbedza yaing'ono. Amayi ankalandirana, ndipo palibe ankaloledwa kupita nato kumudzi. Tsiku lina mkazi wanga anajambula kachitsuloko padothi ndi chala, nandifunsa ngati munthu wodzitama kuti amasema mipini angalephere kusema kanthu kakang'ono chotero. Ndinadula nsungwi. Titatu toyamba timene ndinasema tinathyoka pokhota paja. Kachinayi ndinakapala ndi mpeni, n'kukasalaza ndi tsamba lokhakhala la mkuyu, ndipo kanagwira ulusi bwino. Anakatenga osathokoza, anangoti tsopano wadziwa chimene anakwatiwira nane.

Ankaluka timaluwa tating'ono, kalikonse kosaposa chikhadabo cha chala chachikulu. Ankayamba ndi kamphete ka ulusi pakati, kenako n'kumakowa ulusiwo mozungulira mpaka patatuluka timasamba tisanu. Ulusi unali woyera, wochokera kwa dona, koma wina ankaunyika m'madzi a makungwa a mlombwa kuti ufiire. Pomaliza ankaluma ulusi ndi mano, n'kubisa nsonga yake kumbuyo kwa duwa. Toyamba tinali topindika ngati khutu la mbewa. Pofika nyengo yokolola tinkatuluka tofanana, ndipo ankatisunga m'kansengwa kovundikira. Anali ndi pakati poyamba, ndipo timaluwato ankafuna adzatisokerere pa kachipewa ka mwana ndi m'mphepete mwa nsalu yoberekera.

Apongozi anga sanakondwe nazo. Kwathu mayi wapakati samanga mfundo, chifukwa amati akutseka njira ya mwana, ndiponso sakonzera zovala munthu amene sanafike. Ine ndi apongozi sitinkayankhulana maso ndi maso, choncho ndinamva mkangano wawo ndi mkazi wanga ndili kuseri kwa mpanda, ndikukonza nkhokwe.

"Mwana iwe, ukudzitsekera wekha ndi manja ako omwe."

"Amayi, izi si mfundo. Taonani." Anakoka ulusi wa duwa limene anali asanamalize, ndipo lonse linatha ngati silinakhaleko. "Mfundo imatero?"

"Nanga mzungu wakoyo ali ndi ana angati, kuti akuphunzitse zobereka?"

Donayo analibe mwana. Amayi amene ankasinja pafupi anaseka, mkazi wanga nayenso anaseka, ndipo nkhani inathera pomwepo.

M'chilimwe anabwera mesenjala kudzatenga amuna oti akasenze katundu wa boma kuchokera ku Dowa kupita kumadzulo. Ine ndinali mmodzi wa iwo. Pobwerera tinaima pamudzi wina chakufupi ndi Madisi, pomwe panali mowa. Mayi amene anafulula mowawo anali wamasiye. Sindinena kuti unandilakwitsa ndi mowa, chifukwa ndinkadziwa chimene ndikuchita, ndipo lamulo ndinkalidziwa monga mwamuna aliyense: mkazi akakhala ndi pakati, mwamuna akayenda kunja amamudula, ndipo tsiku lochira mwana amakana kutuluka mpaka wolakwayo ataulula. Ndinafika kunyumba, ndinalandira madzi osamba, ndipo sindinanene kanthu.

Matenda a kubereka anayamba m'mawa wina patapita mwezi. Amayi a pamudzi anatengera mkazi wanga m'nyumba ya apongozi, ife amuna tinakhala patali pansi pa mtengo wa msuku. Tsikulo linatha. Lachiwiri dzuwa linafika pamutu mwana asanabadwe. Ndinamva pambuyo pake kuti azamba anayamba ndi iye, kumuuza kuti atchule amuna amene anayenda nawo, ndipo iye analumbira kuti sadziwa wina koma ine. Kenako mayi wamkulu mwa azambawo anatuluka n'kunong'oneza atsibweni a mkazi wanga. Iwo anandikodola, tinapita kuseri kwa khola la mbuzi.

Anali munthu wofatsa, ndipo sanandikalipire.

"Mkamwini, ulendo uja munayenda bwino? Ngati munaponda pena, nenani. Mankhwala amayiwa ali nawo. Mlandu tidzakamba tsiku lina. Lero tikufuna anthu awiri amoyo."

Ndinaganiza za bwalo, za amuna a pamudzipo akundiloza, za ine ndikukwera mapiri kubwerera ku Malomo ndi mkeka pamutu. Ndinamvanso kubuula kochokera m'nyumba muja. Zonsezi ndinaziyeza, ndipo ndinayankha kuti:

"Ine ayi. Koma mufunse za timaluwa tija. Miyezi yonseyi wakhala akumanga ulusi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kubwerera kwa azamba.

Anatuma mayi wina kukatenga kansengwa kaja m'nyumba mwathu. Anadutsa nako pamaso pathu. Munali timaluwa makumi awiri ndi titatu. Poti nsonga zake zinali zobisika, azamba ankazitokosa ndi minga, ndipo akaipeza nsonga ankamupatsa mkazi wanga kuti akoke yekha, chifukwa amati womanga ndiye amasula. Anakoka kamodzikamodzi, pakati pa zowawa. Kulira kwake kunasintha, ndipo ngakhale ife amuna tinazindikira kuti uku si kulira kwa mimba kokha. Kansungwi kaja azamba anakaponya pamoto.

Mwana anabadwa dzuwa litapendeka. Anali wamwamuna, ndipo sanalire. Amayi okha anakamuika kudambo monga amachitira ndi mwana wotero, ndipo ine sindinamuone.

Mkazi wanga anachira. Pamudzi ponse nkhani inali imodzi, yoti mwana wa uje anamanga mwana wake ndi ulusi wa azungu, mayi ake atamuchenjeza. Iye sanatsutse. Ku mishoni sanapitenso. Dona anabwera yekha pabulu kudzamufunafuna, koma iye anathawira kumunda mpaka mlendoyo atapita. Atsibweni aja sanandifunsenso, ngakhale kuyambira pamenepo sankakonda kukhala nane pansi nthawi yaitali.

Tinabereka ana anayi pambuyo pake, onse amoyo. Pa mimba iliyonse mkazi wanga sankamanga ngakhale mtolo wa nkhuni, ndipo nsalu ankangoipisa m'chiuno. Nkhuni ndinkamumangira ndine, ndipo amayi a pamudzi ankauza amuna awo kuti aziona mkamwini wa ku Malomo momwe amasamalira mkazi. Ndinkamva, ndipo ndinkalandira.

Patapita zaka ndinalowa kalasi, ndinaphunzira kuwerenga, ndinabatizidwa. Machimo ambiri ndinawatchula pamaso pa akulu a mpingo, koma ili ndinalidumpha. Mmodzi mwa akuluwo ankagwira ntchito m'chipatala, ndipo tsiku lina tikubwerera kumaliro ndinamufunsa ngati kuti ndikufunsira munthu wina. Anandiuza kuti mwana akagona mopingasa m'mimba amavuta kutuluka, ndipo sichichititsa ndi ulusi kapena kumene mwamuna anayenda. Ndinkayesa kuti mawu amenewa andipepuza. Sanandipepuze. Kuseri kwa khola kuja ine ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti mawu anga akhoza kupulumutsa mkazi wanga ndi mwana wanga, ndipo ndinawasunga.

Mwana wathu womaliza anaphunzira kuluka kusukulu, ndipo atakwatiwa anagula kachitsulo kake m'sitolo ya mmwenye. Ali ndi pakati, anakhala pakhonde tsiku lina akuluka. Mayi ake anachokera kuchitsime, anatula mtsuko, anamulanda kachitsuloko n'kumumenya mbama, munthu wamkulu wapabanja.

"Ine ndinapha mlongo wako ndi zimenezi," anatero mkazi wanga.

Zaka zonsezo ndinali ndisanamumve akunena ndi pakamwa pake.

M'mawa mwake tinali awiri kumunda tikuthothola mtedza. Ndinamuuza zonse: za ku Madisi, za funso la atsibweni ake, ndi yankho langa. Ndinamuuzanso zimene ananena mkulu wa kuchipatala uja. Iye sanasiye kuthothola. Anandifunsa dzina la mkaziyo, ndipo ndinavomera kuti sindinalidziwe ndi tsiku lomwelo.

"Amayi anga anamwalira akudziwa kuti ndinapha mdzukulu wawo," anatero. "Ndinawapepesa ali pamphasa, ndipo anandikhululukira."

Ndinati ndili wokonzeka kukanena pabwalo, kapena mumpingo, kulikonse kumene angafune.

"Mukauza ndani? Atsibweni anapita. Azamba aja onse anapita. Otsalawa nkhaniyi angoimva ngati nthano."

Ananyamula dengu lake n'kutsogola. Tsiku lomwelo anabweza kachitsulo kwa mwana wake, ndipo anasamutsa mphasa yake kupita kunyumba ya mwanayo, akuti kukamudikirira mpaka achire. Mdzukulu anabadwa bwino, koma mphasa sinabwerere. Sanandithamangitse pamudzi, ngakhale anali ndi mphamvu yotero, ndipo sanauze munthu. Chakudya changa chinkafika tsiku lililonse. Tikakumana panjira ankandipatsa moni wa ulemu, wonga wopatsa mlendo wachikulire. Anakhala moyo zaka zina zisanu ndi chimodzi. Atadwala matenda ake omaliza ndinapempha kuti ndilowe ndikamuone, ndipo anatumiza mawu akuti ndikhoza kukhala pakhomo.