Mabulangete pa Thandala la Matemba

Kudoko la kwa Mwambo aliyense ankamudziwa Rabia chifukwa cha matemba. Ankawatenga kwa asodzi m'mawa n'kuwayanika pa thandala lake la bango. Anali mayi wapakamwa, moti mwana kapena mphaka woyandikira thandalalo sankabwereza.

Amuna ake, Che Rashidi, anabwerako kumigodi ya ku Joni ndi wailesi, jekete ndi chifuwa chosamva mankhwala. Anayamba kuwonda. Masiku amenewo matenda otere sankatchulidwa dzina, anthu ankangopukusa mitu. Kenako kunabwera mphere. Kwa mwana wawo Hawa zinkangoyabwa pakati pa zala, koma pa bambowo zinamanga nkhanambo zokhuthala m'manja, m'zigongono, mpaka kumsana. Kumzikiti anzawo anayamba kuwasiyira mkeka wawokha.

"Amake Hawa," anatero Che Rashidi tsiku lina, "imfa sindikuiopa. Koma ndi khungu ili, adzandisambitse ndani? Adzangondikulunga atayang'ana kumbali."

Mawuwo anamupweteka Rabia. Anabwereka njinga n'kuwakankha mpaka kuchipatala. Dokotala sanabise: matenda aakuluwo panalibe chochita, koma mphere ndi tizilombo, ndipo timafa. Vuto linali loti thupi lawo linalibenso mphamvu yolimbana nato, choncho kupaka kamodzi sikukanakwana. Anamupatsa botolo la mankhwala oyera ngati mkaka, nati apake banja lonse tsiku limodzi, koma odwalawo azibwereza.

Inali nyengo imene matemba anachuluka, koma Rabia anasiya kupita kudoko. Ankafewetsa nkhanambo ndi madzi ofunda ndi mafuta, n'kupaka mankhwalawo kuyambira m'khosi mpaka kuzala zakuphazi. Ankawawa ngati tsabola. Che Rashidi akabuula, iye ankawadzudzula: "Munkalowa pansi pa nthaka inu, lero muziopa botolo?" Zovala ndi zofunda ankaziwiritsa mumgolo, ndipo pathandala paja pankauma mabulangete. Amayi anzake podutsa ndi madengu ankafunsa ngati nsomba za mtundu umenewo zili ndi msika. Ankawayankha, ndipo zimene ankayankhazo sizolemba pano.

Mphere zinabwereranso, iye anayambiranso. Pofika nthawi yoti mpunga wayamba kucha ku Likangala, khungu linali litasalala, ngakhale munthuyo anangotsala mafupa. Anamwalira mpunga usanakololedwe.

Amuna akumzikiti atalowa m'nyumba kukasambitsa maliro, Rabia anakhala panja pakati pa amayi, khutu lili kukhomo. Ankaopa kuti atuluka msanga. Koma madzi anapitiriza kumveka, ndipo amunawo anachedwa ndithu. Kenako Che Alli, amene kale kumzikiti ankasunthira mkeka wawo kutali ndi malemuwo, anasuzumira pakhomo, mikono itanyowa mpaka m'zigongono.

"Amake Hawa, tionjezereni madzi ofunda. Sitinamalize."

Rabia anadzuka kukatenga ndowa, ndipo m'pamene anayamba kulira.