Chaka chimene adada ananditulutsa m'kalasi mwawo

Munali mu 1969, ine ndili ndi zaka khumi. Tinkakhala m'nyumba ya sukulu kumunsi kwa nkhalango ya Mughese, ku Misuku, kumene nkhungu imachoka dzuwa litakwera kale. Adada anali mphunzitsi wa Sitandade 3, ndipo ine ndinali m'kalasi mwawo.

Tinkaphunzira mokuwa. Mphunzitsi anene, ife tibwereze, mapazi atauma ndi kuzizira. Ambiri tinkayankha bwino osadziwa chimene tikunena. Tsiku lina kunyumba adada anandifunsa tanthauzo la zimene ndinakhoza m'mawa. Ndinalephera. Sanandimenye. Anangoti, "Mawa usabwere kusukulu. Ana a eni ndilibe nawo mphamvu, koma iwe ndiwe wanga."

Amama anadandaula. "A Sikwese, anthu adzati chiyani?" Adada anati anthu ali ndi pakamwa pawo.

Kunyumba sanandiphunzitse. M'mawa, akumanga tayi, ankangofunsa kuti, "Lero ukufuna kudziwa chiyani?" Masiku oyamba ndinkafuna kudziwa ngati munthu angagone mpaka masana. Angathe. Kenako ndinatopa nazo. Ndinaona amama akukwera chitunda ndi ndowa pamutu kukathirira mbande za khofi, ndipo ndinaganiza zokoka madzi kuchokera ku kamtsinje. Ndinang'amba nsungwi, kuchotsa mfundo zam'kati, kuzilumikiza pa mphanda. Madzi anakana kuyenda. Adada anabwera, anaima, anayang'ana, anapita osanena kanthu. Ndinawakwiyira kwambiri. Ndinaphwasula zonse n'kuyambira kumtunda, ndikuyeza kutsetsereka ndi madzi a m'botolo. Tsiku limene madzi anafika kumunda, ozizira, akununkha masamba owola a m'nkhalango, amama anatula ndowa, anakhala pansi n'kusamba kumaso. Chaka chomwecho ndinayamba kukonda mabuku a adada, chifukwa panalibe wondiimirira ndi ndodo.

Chimene adada sanaganizire ndi ichi. Kwathu anthu sankamvera kwenikweni zonena za mphunzitsi, ankaona zochita zake. Akadzala khofi motalikana, mudzi wonse unkadzala motalikana. Ndiye ataona mwana wa mphunzitsi ali kumunda nthawi ya sukulu, anati sukulu ilibe ntchito, mwini wake waitulukira. Bambo wina, a Kayange, anaimitsa adada potuluka m'tchalitchi.

"Aphunzitsi, tawonga chomene, mwatitsegula maso. Wanganso ndamuchotsa, akuweta mbuzi."

Adada anayesa kufotokoza kuti si zimenezo. A Kayange anaseka.

"Wanu ali ndi nsungwi, wanga ali ndi mbuzi. Kusiyana kuli pati?"

Kusiyana kunalipo. Kwathu kunali mabuku, kwawo kunalibe. Mvula isanathe, kalasi ya adada inali itapepuka. Madzulo ankayenda khomo ndi khomo kupempha ana, ndipo khomo lililonse ankawafunsa za ine.

Kenako kunabwera woyendera sukulu wochokera ku boma. Anati mwana abwerere m'kalasi, apo ayi ntchito yatha. Masiku amenewo kukayikira sukulu ya boma kunali ngati kunyoza boma lenilenilo. Amama anagwada, anapempha. Adada anali ouma mutu ngati ine. Anakana. Anthu osawadziwa anayamba kufika pamudzi kufunsa za iwo, ndipo m'mawa wina anawoloka mtsinje wa Songwe kupita ku Tanzania. Anati abwera zinthu zikazizira. Sanabwere. Za imfa yawo tinazimva patapita zaka, kwa munthu wogulitsa mchere.

Ine amalume anandibwezera kusukulu. Ndinamaliza Sitandade 8, ndipo ndalima khofi moyo wanga wonse osapempha kwa munthu.

Lero mdzukulu wanga Lusungu ndi mphunzitsi ku Chitipa boma. Akuti kalasi yake ili ndi ana ochuluka moti ena sawadziwa mayina, ndipo mwana wake sadzamulowetsamo. Aziphunzira yekha zimene akufuna, monga amachitira ana a aphunzitsi ena amene Lusungu amawaona pa foni. Anandifunsa maganizo anga.

Sindinamuletse. Chaka chija ndinaphunzira zambiri kuposa zaka zonse za m'kalasi, bodza sindinena. Masiku ano palibenso wothamangitsa munthu chifukwa cha zimenezi. Ndinangomuuza kuti ayambe waona amene akumuyang'ana, kenako ndinamuwerengera zimene zinapita. Ntchito ya adada. Nyumba ya sukulu, imene tinatulukamo katundu ali pamutu. Ukwati wa amama, amene anakalamba osadziwa ngati ali pabanja kapena ndi amasiye. Anzanga asanu ndi mmodzi amene sanabwererenso m'kalasi, ndipo ena amwalira akusainabe ndi chala. Ndi adada, amene mpaka lero sindidziwa kumene anaikidwa.