Luzi la Akazi Amasiye

Anabwera m'mawa ndikukumba mbatata, mvula itangosiya, chaka chachiwiri cha nkhondo ya azungu. Asilikali awiri. Wamtaliyo anati, "Iwe, luzi lija lili kuti?" Linali m'chiuno mwanga, ee, m'chiuno mwangamu.

Ndiyambe bwino. Ku Zomba, m'bwalo lopanga malamulo, munali mkulu wina wa mishoni wotilankhulira. Minda yathu aboma anali atayamba kukhomamo zikhomo. Iye ankati minda ya amasiye isalandidwe, ndipo amene amuna awo anafera pa mtengatenga wa katundu wa nkhondo azidya m'nkhokwe ya boma. Anzake ankaseka, amvekere amasiyewo ali kuti? Mkuluyo anatumiza mawu m'matchalitchi kuti timuonetse kuchuluka kwathu. Kulemba sitinkadziwa nthawi imeneyo. Tinatenga luzi, wamasiye aliyense, kuyambira kwa Kaphuka mpaka ku Mayani, namanga mfundo yake. Wosunga ndinali ine.

Komatu kwathu mfundo za pa luzi timawerengeranso masiku a pangano. Mzungu wa pa boma ankadziwa zimenezo, zokhazo basi. Asilikali aja ananditengera kwa iye.

"Kwatsala masiku angati kuti muukire?" anafunsa kudzera mwa womasulira.

"Bwana, amenewo si masiku. Ndi akazi."

"Tchula mayina."

Ndikanatchula, onsewo akanagona pomwe ndinkagona ine, ana n'kutsala okha. Ndinati ndaiwala. Luzi analiponya pamoto. Za tsiku lachitatu sindilemba zambiri. Chala ichi sichipindika mpaka lero, n'chifukwa chake zilembo zanga zikuyenda ngati nkhanu.

Chisanu chonse chinatha ndili m'ndende. Wamtali uja anasintha malankhulidwe: "Mayi, tchulani mmodzi yekha, mukaone ana anu." Ine ndinkasolola ulusi pa nsalu yanga n'kumamanganso, mfundo ndi mfundo, ndikuyimba mumtima: uyu wa kutsidya, uyu wa mapasa, uyu wosamva khutu limodzi. Palibe anatayika, palibe.

Mitengo itaphuka masamba ofiira, mkulu uja anafika pa bulu, fumbi mpaka m'ndevu. Anavula chipewa, kuvulira ine.

"Mayi, pempho langa ndilo lakuikani muno. Pepani."

Ndinamupatsa ulusiwo. Sanafunse dzina ngakhale limodzi. Anangoti, "Yanu ndi iti?"

"Yomalizayo, bambo."

Ananditulutsa mawa lake. Ndinamva kuti ulusi uja anakauyala patebulo la bwalo, nayimirira pomwepo mpaka anzake anatopa. Za nkhokwe anamukanira. Koma zikhomo zinazulidwa, ee, zinazulidwa.

Ndinafikira kumunda ndisanalowe m'nyumba. Mbatata anzanga anali atandikumbira, ana atandilerera, mizere atandiungira. Ena ufulu amaufotokoza ndi mawu ataliatali. Wanga ndi uwu: ndimalima pomwe analima amuna anga, zidzukulu zikulima pambali panga, ndipo pa akazi onse aja palibe ndi mmodzi yemwe amene ndimamuzembera maso kuchitsime.