Fyuzi Si Wolakwa

Ndinawadziwa tsiku limene kombi yanga inawira ku Glen Norah, kudziko la eni, fani yoziziritsa injini itafanso. Bambo ovala kofia anatuluka kumpanda, nandipeza ndikusintha fyuzi.

"Achimwene, ameneyo si wolakwa, akungofera mlandu wa mnzake," anatero m'Chichewa chakwathu chimene ndinali nditachisowa. Anatsata waya ndi chala mpaka anapeza pamene unasupuka n'kukhudza chitsulo. Ankagwira ntchito choncho, mosapupuluma, akucheza ndi mawaya ngati adzukulu.

Patapita zaka, maso awo atachita khungu, ana awo anawabisira zipangizo zokonzera magalimoto. Fani itavutanso, ndinawatsogolera mwakachetechete kukombi, n'kukweza mpando wovindikira injini. Anawerama nthawi yaitali, akupapasa mawaya.

"Rileyi yoyatsa fani yapsa," anatero. "Koma musatseke msanga, ndinunkhizeko oyilo pang'ono."