Kawaya Kofiira ka Bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anachoka kwathu ku Lungwena kupita kumigodi ya ku Joni. Anatisiyira wailesi, batire ya galimoto ndi bokosi laling'ono lachitsulo limene anapanga okha, poti anali munthu wa mawaya. Moto wa batire unali wambiri, woti nkupsereza wailesi, ndiye bokosilo linkakhala pakati nkumauchepetsa.

Tsiku lonyamuka anandionetsa kawaya kofiira kotuluka m'bokosimo nkubwereranso momwemo.

"Aka ndi khutu lake, Mariya. Kamaliuza bokosi moto umene wafika ku wailesi. Ukachuluka limachepetsa, ukachepa limawonjezera. Usakakhudze."

Amayi ankakhalira kumunda, anzanga nkumandinena kuti mwana wa mtchona. Ine ndinkangokhala ndekha pakhonde ndi wailesiyo, kudikira tsiku loulutsa moni wa anthu a kumigodi. Batire ikatha, amalume ankaikweza panjinga, khadi la chipani m'thumba, ulendo wa ku boma kukaitchaja.

Amalume omwewo ndi amene anadula kawaya kaja. Ankafuna chomangira mbedza ya kampango.

"Waya wobwerera komwe wachokera ngwantchito yanji?" anatero.

Ndinayesa kunena, koma mwana angatsutse amalume ake? Nditatsegula wailesi, inafuula kuposa masiku onse, kenako fungo la mphira wopserera, nkungoti zii. Ndinaigwedeza, ndinaipukuta ndi chitenje, ndinalira mpaka mutu kuwawa.

Patapita milungu ingapo, tikutuluka m'tchalitchi, mayi wina anandigwira paphewa.

"Dzulo tinawamva bambo ako pa wailesi. Amakutchula dzina."

Ndinafunsa kuti anati chiyani. Iye ananena zake, wina zake, wina anangoseka kuti waiwala. Miyezi yotsatira anthu ankatiuza kuti bambo atumizanso moni, ati mawu awo ngodandaula. Kenako analeka kutumiza. Bambo sanabwerere.

Lero ndimaika magetsi a dzuwa m'nyumba za anthu, ndipo ndikudziwa chimene chinachitika. Bokosi lotere likapanda kuuzidwa kanthu limayesa kuti moto sunafike, ndiye limangowonjezera mpaka chinthu chitapsa. Amalume ndinawakhululukira kalekale, sankadziwa. Koma palibe amene anakawauza bambo kuti wailesi inapsa. Chimene chimandiwawa mpaka lero nchakuti mwina ankayesa kuti ndinkawamva, koma ndinalibe nawo ntchito.