Oyera Mtima a mu Paketi ya Ndudu

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene ndinagwaditsa amayi anga kwa azungu a mu paketi ya ndudu. Ndikulumbira, sindikuthira mchere.

Azunguwo anali pa timakhadi ta zithunzi timene anabwera nato amalume kuchokera ku Joni: asilikali asanu a nkhondo yakale ya azungu, aliyense kamtanda pachifuwa. Anandiuza kuti kamtandako ndi mendulo ya olimba mtima, ndipo ambiri ankailandira atafa kale. Amayi ankadana ndi fodya kuposa Satana, ndiye atafuna kuponya timakhadito pamoto, ndinanama. "Amayi, awatu ndi oyera mtima, taonani mitandayo." Kuwerenga sankadziwa. Anatimata pakhoma pafupi ndi kolona, n'kumagwada m'mawa uliwonse. Chaka chimenecho kachewere anabereka ngati mitu ya ana, ndipo mmodzi wa iwo, wa ndevu, ndiye anayamikidwa.

Kenako nkhondo yathu inafika kwathu ku Domwe. Masiku amenewo chithunzi cha munthu wovala zausilikali chinkakwanira kuti akutengeni osabwerako. Masana ena asilikali atatu analowa m'nyumba, akununkha thukuta ndi utsi wa midzi ina. Wamkulu wawo anaima pakhoma paja.

"Mayi, awa ndi a mbali iti?"

"Ndi oyera mtima, bambo."

Anatsitsa mfuti paphewa. "Mukutiseka eti? Tiyeni mukafotokoze kutsogoloko."

Amayi anandikankhira kumbuyo kwawo, n'kumanga chitenje ngati akupita kuchigayo. Koma bodza linali langa. Ndinatulukira kukhwapa kwawo.

"Ndinawanamiza ndine, bambo. Ndi za mu ndudu. Mtandawo ndi mendulo."

Msilikaliyo anamatula kakhadi kamodzi, n'kuona chithunzi cha paketi kuseri kwake. "Ameneyu anabwerera kwawo?"

"Amalume akuti ambiri ankailandira atafa."

Msilikaliyo ananyambita chala, n'kukamatanso pakhoma, natuluka.

Amayi anandikwapula ndi mtengo wa pichesi umene mpaka lero sunaphukenso.

Panopa ndikaona timakhadi tija, ndimadziwa kuti pakusowa kamodzi: ka mayi wosadziwa kuwerenga, amene ankamanga chitenje kuti akafere bodza la mwana wake.